Miyala ya Kwale ndi Mchenga Wopangidwa ndi Makina: Zoyenera Kudziwa Anthu a m'Boma la Mzimba

Unduna woona za migodi ukupereka nkhani iyi kwa alimi, amalonda, amisiri a zomangamanga ndi anthu onse, makamaka okhala pa boma la Mzimba ndi madera a kummwera kwa bomali monga Jenda, Embangweni, Edingeni, Champhira ndi Luwerezi. Cholinga chake ndi kufotokoza momwe miyala ya kwale ndi mchenga wa makina zimapangidwira, momwe wogula angazindikirire katundu wabwino, ndiponso zimene malamulo akunena kwa wokumba ndi kwa mudzi woyandikana ndi malo okumbapo.

Kufunika kwa miyala ndi mchenga kwakula m'bomali pa zifukwa zodziwika. Ntchito yokonzanso msewu wa M1, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2022 ndi ndalama zochokera ku European Investment Bank ndi European Union, inaphatikizapo gawo la makilomita pafupifupi 47 kuchokera pa Jenda kukafika pa mphambano yopatukira ku boma la Mzimba. Mabanja ambiri amene abale awo ali pa ntchito ku South Africa akumanga nyumba ndi mashopu a simenti. Ndipo kuyambira mu 2018, malamulo a bungwe la National Construction Industry Council salola njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, choncho omanga ambiri atembenukira ku mabuloko a simenti, amene amadya mchenga ndi dasiti wochuluka.

Anthu akamawerengera zomanga, maso awo amakhala pa mtengo wa thumba la simenti. Komatu mu konkire, magawo a pakati pa 60 ndi 75 pa 100 aliwonse ndi miyala ndi mchenga. Simenti ndi chomatira chabe. Pa msewu, kuchuluka kwa miyala kumadabwitsa. Tiyerekeze msewu wotambalala mamita 10 umene aikamo miyala yophwanya yokhuthala masentimita 15 pansi pa phula: kilomita imodzi yokha ifuna makiyubiki mita 1,500, omwe ndi matani oposa 3,000, tisanawerengere miyala yosakaniza ndi phula, ya m'milatho ndi ya m'ngalande.

Thanthwe la Mzimba ndi kutsegula kwale

Pansi pa nthaka ya Mzimba pali thanthwe lakale kwambiri, makamaka la mitundu imene akatswiri amaitcha gneiss ndi granite. Ndi thanthwe lomweli limene limatulukira kunja n'kukhala mapiri oima paokha pakati pa chigwa. Miyala yotereyi ndi yolimba ndipo yambiri imayenera pa zomangamanga, koma si phiri lililonse limene lingasanduke kwale. Pali gneiss wina wokhala ndi timapepala tonyezimira totchedwa mica tochuluka. Akamuphwanya amang'ambika mopyapyala ngati zibade. Pali mitsempha ya miyala yoyera ya pegmatite, momwe anthu a m'bomali amakumbamo miyala ya mtengo wapatali monga aquamarine. Imeneyi ndi chuma pa ntchito yake, koma pa konkire siithandiza kwenikweni chifukwa imasweka mosavuta potsata mizere yake. Palinso malo a mbiri, manda ndi mapiri olemekezeka, monga Hora kumene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho, omwe mtengo wake sungayezedwe ndi matani a miyala.

N'chifukwa chake ntchito yeniyeni imayamba ndi kuyeza. Zitsanzo za mwala zimapita ku labotale, monga Central Materials Laboratory ku Lilongwe, kumene amaziphwanya ndi makina opanikiza ndi kuzigubuduza mu mgolo wokhala ndi mipira yachitsulo kuti aone kuchuluka kwa zimene zanyenyeka. Mwala wonyenyeka msanga sungapirire matayala a malole.

Malo akavomerezedwa, amayamba achotsa dothi la pamwamba. Dothi lachonde liyenera kuunjikidwa palokha kuti lidzabwezeredwe ntchito ikadzatha. Pansi pake pamakhala mwala wovunda, wofiirira, umene umafumbutuka ukaumenya ndi nyundo kamodzi. Uwu ndi wokwirira maenje, osati wa konkire. Thanthwe lamoyo likaonekera, amalidula m'masitepe. Makina amaboola mabowo m'mizere, katswiri wokhala ndi chilolezo amaikamo zophulitsira, ndipo mabowowo amaphulika motsatizana, mosiyana ndi kanthawi kochepa kwambiri, kuti nthaka isagwedezeke nthawi imodzi. Kuphulitsa kwabwino kumagwetsa miyala pafupi ndi phazi la sitepe. Kukakhala kosalongosoka, miyala imauluka kutali, ndipo zimatsala ndi zimiyala zikuluzikulu zosalowa m'makina.

Ulendo wa mwala m'makina

Chigayo cha miyala si makina amodzi. Ndi mndandanda wa makina olumikizidwa ndi malamba a labala, ndipo aliwonse amachepetsa mwala pamlingo wake n'kuupereka kwa anzake. Makina amodzi sangatenge mwala waukulu ngati mbuzi n'kuusandutsa timiyala ta konkire nthawi imodzi popanda kuwononga zitsulo ndi kutulutsa fumbi lokhalokha.

Lole ikakhuthula miyala m'chibeseni chachikulu chachitsulo, miyalayo imayenda pa zitsulo zonjenjemera zotalikirana ngati zala. Dothi ndi tizidutswa zimagwera m'mipata n'kupatutsidwa. Gawo ili ndi losaoneka bwino kwa wodutsa, koma ndi pamene pamagona ukhondo wa katundu yense: kwale amene sachotsa dothi poyambirira pomwepa amagulitsa dongo pamodzi ndi miyala.

Makina oyamba ophwanya ndi otchedwa jaw crusher, kutanthauza nsagwada. Ali ndi zitsulo ziwiri zoyang'anizana, zotalikirana pamwamba ndi zoyandikana pansi. Chimodzi chimaima chilili, chinzake chimakankha ndi kubwerera kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mwala umatsika pang'onopang'ono, ukuswedwa nthawi iliyonse pamene nsagwada zatseka, mpaka utachepa moti n'kutulukira pa mpata wa pansi. Kawirikawiri mwala wa theka la mita umatuluka uli wa masentimita 10 mpaka 15. Makinawa anapangidwa ndi Eli Whitney Blake wa ku New Haven m'dziko la America, amene analembetsa luso lakelo mu 1858, ndipo chimene chinamukakamiza chinali chomwechi chimene tikulimbana nacho lero: kufuna miyala ya msewu yochuluka kuposa imene anthu akanaphwanya ndi nyundo. Mano a nsagwadazi amapangidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi manganese, chimene Robert Hadfield anatulukira ku England mu 1882. Chitsulochi chimalimba pamwamba pake chikamamenyedwa. Ngakhale zili choncho, mano amatha, ndipo popeza amachokera kunja, mtengo wake umalowa mu mtengo wa tani iliyonse imene mumagula.

Kuchoka apo, lamba amanyamula miyala kupita ku makina achiwiri. Pa miyala yolimba ngati ya ku Mzimba, amene amayenera kwambiri ndi cone crusher. Mkati mwake muli chitsulo chooneka ngati denga la nkhokwe chimene chimapendekera uku ndi uku mozungulira m'kati mwa chitsulo chinzake chochivundikira, monga momwe mayi amazunguliza munsi m'mbali mwa mtondo posinja. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizi umatha kuchepetsedwa kapena kukulitsidwa, ndipo ndiwo umalamula kukula kwa miyala yotuluka. Oyendetsa makina odziwa ntchito amaonetsetsa kuti makinawa ali odzaza nthawi zonse, chifukwa miyala ikamapanikizana yokhayokha imatuluka yamakona ofanana mbali zonse. Makina akamayenda ndi njala, amatulutsa zibade. Pali makina ena otchedwa impact crusher amene amamenya mwala ndi zitsulo zozungulira mothamanga. Amachita bwino pa miyala yofewerapo monga ya laimu, koma pa thanthwe lokhala ndi nsangalabwi yambiri zitsulo zake zimatha msanga.

Kenaka pamabwera masefa. Ndi mabokosi opendekeka, onjenjemera, okhala ndi mawaya osanjikizana awiri, atatu kapena anayi, a mabowo aakulu pamwamba ndi aang'ono pansi. Mwala wokanika kudutsa pa sefa ya pamwamba umabwezedwa ku cone crusher kuti ukaphwanyidwenso, ndipo umazungulira chomwecho mpaka utakwana. Zodutsa zimagawika, mtundu uliwonse pa lamba wake ndi mulu wake.

Milu imeneyi ndiyo malonda. Miyala ya mamilimita 19 kapena 20 ndiyo ya konkire wamba: maziko, silabu, nsanamira ndi mabimu. Ya mamilimita 13 kapena 14 ndi ya 10 imalowa m'malo opanikizika pamene zitsulo zayandikana, m'zinthu zoumba monga mapaipi a konkire, ndi pamwamba pa msewu pomata ndi phula. Ya mamilimita 37 kapena 40 ndi ya konkire yokhuthala yopanda zitsulo ndi ya m'maenje omwetsa madzi. Palinso wotchedwa crusher run, umene ndi msanganizo wosasefa wa miyala kuyambira mamilimita pafupifupi 37 kutsika mpaka fumbi. Tizidutswa timadzaza mipata ya pakati pa miyala ikuluikulu, ndipo ukathiridwa madzi ndi kutsenderedwa umalimba ngati thanthwe. Ndi wabwino pansi pa msewu ndi pa bwalo loimikapo galimoto. Si wa konkire, ngakhale mtengo wake utakukopani.

Makina onsewa amafuna magetsi ambiri. Kumene mawaya a ESCOM sanafike, amayendera majenereta a dizilo. Ndipo chifukwa mwala ndi katundu wolemera koma wotsika mtengo, ulendo ndiwo umaukweza: lole yochokera ku Mzuzu, mtunda wa makilomita oposa 100 kukafika pa boma la Mzimba, ikhoza kudya ndalama zambiri pa mafuta kuposa mtengo wa miyala imene yanyamula. Ichi n'chifukwa chake makampani omanga misewu amakonda kutsegula kwale pafupi ndi ntchito yawo, nthawi zina ndi makina oyenda pa matayala kapena pa maunyolo amene amasamutsidwa ntchito ikatha.

Dasiti ndi mchenga wa makina si chinthu chimodzi

Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka, ndipo ogulitsa ena sachita changu kuwamasulira. Zonse zodutsa pa sefa ya mamilimita pafupifupi 5 zimaoneka ngati mchenga. Koma dasiti wa pa kwale ndi zotsalira chabe: palibe amene anamukonza. Amakhala ndi tizibade tosongoka, ndi ufa wosalala wochuluka, wochepera mamilimita 0.075, umene kuchuluka kwake kumasintha tsiku ndi tsiku potengera mwala umene wagayidwa. Mchenga wa makina, umene ena amautcha M-sand, umapangidwa mwadala ndipo umadutsa m'magawo ena awiri, loumba ndi loyeretsa.

Gawo loumba limachitika m'makina otchedwa VSI. Miyala ing'onoing'ono imagwera pakati pa chitsulo chozungulira mothamanga kwambiri, chimene chimaiponya kunja pa liwiro la mamita oposa 50 pa sekondi imodzi. Miyalayo imakamenya khoma la miyala inzake imene yaunjikana m'mbali mwa makinawo. Mwala umaswa mwala unzake, nsonga zimathothoka, zibade zimathyoka, ndipo chotuluka ndi mchenga wa timibulu tofanana mbali zonse. Zimene mtsinje umachita pa zaka mazanamazana pogubuduza miyala, makinawa amazichita m'kanthawi kochepa. Makina odziwika a mtundu uwu, a Barmac, anapangidwa ku New Zealand ndi Bryan Bartley ndi Jim Macdonald cha m'ma 1970.

Gawo loyeretsa ndi lochepetsa ufa. Ena amatsuka mchenga ndi madzi, matope n'kupita ku maiwe odikhitsira kuti madziwo abwerere m'makina. Ena amagwiritsa ntchito mphepo, monga momwe popeta mankhusu amauluka chimanga n'kutsala. M'dera ngati Mzimba, kumene mitsinje yambiri imaphwa m'chilimwe ndipo anthu ndi ng'ombe amadalira madzi omwewo, njira ya mphepo kapena yobwezeretsa madzi ndiyo yoyenera kuganiziridwa poyamba. Ufa wonse sauchotsa ayi. Ufa wa mwala pang'ono umathandiza kudzaza mipata mu konkire, ndipo miyezo ya zomangamanga imalola ufa wochulukirapo mu mchenga wophwanya kuposa mu mchenga wa mumtsinje, popeza ufa wa mwala sufufuma ndi madzi ngati dongo.

Kodi mchenga wotere umamanga bwino? Ukakonzedwa moyenera, umamanga bwino ndithu. Mulibe mizu, masamba, ndowe kapena dongo, ndipo lole ya lero imafanana ndi ya mawa. Makona ake amagwirana ndi simenti mwamphamvu. Vuto lake ndi lakuti ndi wokhakhala pa chipande cha mmisiri, ndipo msanganizo wake umaoneka wouma. Mmisiri wosauzolowera amathamangira kuonjezera madzi, ndipo madzi ochuluka ndiwo mdani wamkulu wa konkire: akauma amasiya timabowo m'kati mwake. Pa pulasitala, amisiri ambiri amasakaniza mchenga wa makina ndi wa mumtsinje wosalala, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Dasiti wamba ali ndi malo ake, makamaka poumba mabuloko ndi poyala pansi pa timiyala ta pabwalo, koma kumugwiritsa ntchito yekha pa silabu kapena pa bimu popanda kumuyeza ndi kuika nyumba pa chiswe.

Mawu amodzi kwa alimi: dasiti wa pa kwale wa granite kapena gneiss si laimu wa m'munda. Laimu wochepetsa asidi m'nthaka amachokera ku miyala ina, monga ya ku mapiri a Chenkumbi m'boma la Balaka. Wina akakugulitsani dasiti ngati laimu, mwagula mchenga.

Chimene mitsinje ikutaya

Bungwe la United Nations loona za chilengedwe, UNEP, linanena mu lipoti lake la 2022 kuti dziko lonse limagwiritsa ntchito matani pafupifupi 50 biliyoni a mchenga ndi miyala chaka chilichonse, ndipo pa zachilengedwe zonse, ndi madzi okha amene amagwiritsidwa ntchito koposa pamenepa. Chiwerengero chotere chimamveka chakutali, koma zotsatira zake zimaoneka pa dooko la mtsinje wa kwanu.

Mchenga wa mumtsinje wa Mzimba, wa South Rukuru ndi timitsinje tothira m'menemo si dothi longokhala. Ndi nkhokwe ya madzi. M'miyezi ya September ndi October, pamene pamwamba pauma, madzi amakhalabe m'kati mwa mchenga, ndipo m'menemo ndi momwe anthu amafukula zitsime zomwetsa ng'ombe ndi zothirira madimba. Mchenga ukachotsedwa wambiri kuposa umene mvula imabweretsa, mtsinje umazama, madzi a pansi pa madimba amatsika nawo, ndipo zitsime zosaya zimaphwa msanga. Magombe amatsala ali chiimire popanda chowachirikiza, ndipo madzi osefukira oyamba amawagumula pamodzi ndi nthochi, nzimbe ndi mizere ya tomato. Pafupi ndi mlatho, kukumba kumavula maziko a nsanamira. Wopindula ndi lole imodzi ya mchenga amakhala mmodzi, pamene dimba likapita, lapita ndithu.

Unduna sukunena kuti munthu womanga khitchini kapena chimbudzi pakhomo pake asiye mchenga wa mumtsinje. Koma ntchito zikuluzikulu, zofuna malole makumimakumi, ndi zimene ziyenera kutsogola pogwiritsa ntchito mchenga wa makina, pakuti thanthwe tili nalo lambiri, pamene mchenga wa mumtsinje umabwerera pang'onopang'ono.

Kwa wogula ndi wogulitsa

Musanalipire, tapani miyala ndi manja awiri kuchokera m'kati mwa mulu, osati pamwamba pokha. Miyala yabwino ndi yamakona, yofanana kukula, ndipo siisiya matope m'manja mukainyowetsa. Ngati yambiri ndi yopyapyala kapena yaitali ngati zala, konkire yake idzafuna simenti wochuluka koma idzakhala yofooka. Miyala yofiirira yofumbutuka ndi ya mwala wovunda.

Mchenga uli ndi muyeso wake wosafuna ndalama. Tengani botolo loonekera m'kati, thiranimo mchenga kufika masentimita 5, onjezerani madzi osungunuliramo kamchere pang'ono mpaka apitirire mchengawo, khutchumulani kwambiri, ndipo muliike pamalo osagwedezeka kwa maola atatu. Mchenga udzakhala pansi, matope pamwamba pake. Ngati matopewo apitirira mamilimita 3 kapena 4, mchengawo ufunika kutsukidwa usanalowe mu konkire. Mchenga wonyezimira kwambiri ndi mica nawonso muupewe pa ntchito yonyamula katundu.

Pa muyeso wa katundu ndi pamene mikangano imabuka. Mawu akuti "tipa imodzi" satanthauza kanthu ngati simunayeze bodi ya galimotoyo. Chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu umene katundu wafika. Bodi ya mamita 4 mulitali, mamita 2.2 mulifupi, yodzaza kufika masentimita 80, yanyamula makiyubiki mita 7, omwe pa miyala ya kwale ndi matani pafupifupi 10 kapena 11. Kumene kuli sikelo ya malole, funsani chikalata cha kulemera kwake. Dziwaninso kuti mchenga wachinyezi umafufuma, nthawi zina ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho lole yooneka yodzaza m'mawa imatha kuphwa ikauma.

Pa konkire wamba ya nyumba, muyeso wodziwika ndi chidebe chimodzi cha simenti, ziwiri za mchenga ndi zinayi za miyala, poyezera chidebe chimodzimodzi, osati fosholo. Pa muyeso umenewu, kiyubiki mita imodzi ya konkire imafuna matumba a simenti a makilogalamu 50 okwana 6 ndi kachigawo, mchenga wochepera pang'ono theka la kiyubiki mita, ndi miyala yochepera pang'ono kiyubiki mita imodzi. Konkire ikathiridwa iyenera kukhala yonyowa kwa masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake imayezedwa pa masiku 28. Amene mukumangitsa muli kutali, potumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ziwerengero izi zikuthandizani kuona ngati zimene mukuuzidwa pa foni zikugwirizana ndi kukula kwa nyumba. Nyumba yosanja, thanki ya madzi yokwezeka ndi mlatho zimafuna injiniya. Muyeso wa chidebe sukwanira pamenepo.

Eni malole akumbukire kuti kudzaza mopyola muyeso kumawononga msewu umene miyala yomweyo inamanga. Kafukufuku wa misewu amene anachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Katundu aphimbidwenso ndi tenti. Mwala umodzi wogwa pa lole yothamanga ndi wokwanira kuswa galasi kapena kuvulaza wa njinga.

Fumbi, phokoso ndi maenje

Granite ndi gneiss zili ndi silica wambiri. Fumbi loopsa kwambiri si limene limaoneka ngati mtambo, koma losaoneka ndi maso, limene limalowa mpaka m'kati mwa mapapo n'kusiya zipsera zosapola. Matendawa amatchedwa silicosis. Alibe mankhwala ochiza, amaonekera patapita zaka, ndipo amatsegulira khomo chifuwa chachikulu cha TB. Boma la Mzimba silikuwamva koyamba matendawa: amuna ambiri a kuno anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku WENELA ndi TEBA, ndipo mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za rand zolipira ogwira ntchito m'migodiyo amene anadwala silicosis ndi TB. Sikoyenera kuti matenda amene makolo anakawatenga kutali, ana awatengere pakhomo.

Choncho mwini kwale ayenera kuboola thanthwe ndi makina othira madzi kapena okoka fumbi, kupopera madzi pa nsagwada, pa masefa ndi pamene malamba amakhuthulira, kuthirira misewu ya malole, ndi kupereka kwa antchito zotchinga mphuno zovomerezeka, zotseka m'makutu, magalasi, zipewa ndi nsapato zolimba. Kansalu kokulunga kumaso sikatchinga silica. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo umenewu pa wolemba ntchito.

Sitingaiwale amayi ndi abambo amene amaphwanya miyala ndi nyundo m'mbali mwa misewu ndi m'mphepete mwa mapiri. Ntchito yawo imadyetsa mabanja, ndipo miyala yawo, ikasankhidwa bwino ndi kusefedwa, imamanga nyumba zambiri za m'midzi. Koma fumbi lake ndi lomwelo, ndipo tizidutswa timalasa maso. Kunyowetsa mwala musanauphwanye, kukhala mbali imene mphepo ikuchokera ndi kuvala magalasi kumachepetsa ngozi. Kuotcha thanthwe ndi matayala kuti ling'ambike kumatulutsa utsi wapoizoni ndipo kumafooketsa mwala womwewo. Ana asapezeke pamalo otere, ngakhale wakhanda wa kumsana. Lamulo la Employment Act la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndiponso kupatsa ntchito yoopsa aliyense wosakwana zaka 18.

Midzi yoyandikana ndi kwale ili ndi ufulu wodziwitsidwa masiku ndi nthawi yophulitsa, kumva chenjezo lomveka bwino, ndi kuona njira zitatsekedwa mpaka katswiri atanena kuti zonse zaphulika. Chinthu chilichonse chooneka ngati waya kapena kachubu chotsalira pamalopo chisakhudzidwe. Dziwitsani oyang'anira kapena apolisi. Ndi nzeru kuti ntchito isanayambe, eni nyumba, mfumu ndi kampani ayendere limodzi nyumba zapafupi, kulemba ndi kujambula ming'alu imene ilipo kale. Popanda umboni wotere, mlandu wa khoma long'ambika umangokhala wa mawu okhaokha. Ntchito ikatha, dzenje lisasiyidwe lotseguka: maenje odzaza madzi a mvula amamiza ana ndi ziweto, ndipo amaswetsa udzudzu.

Zimene malamulo akufuna

Mwala, mchenga, lubwe ndi dongo zili m'gulu la zokumbidwa pansi zimene lamulo la Mines and Minerals Act la 2023 limayang'anira. Lamuloli linalowa m'malo mwa la 2019, limene nalonso linalowa m'malo mwa la 1981, ndipo linakhazikitsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority. Kukhala mwini munda, kapena kugwirizana ndi mfumu, sikupereka pakokha ufulu wokumba ndi kugulitsa. Wofuna kutsegula kwale wa makina ayenera kukhala ndi chilolezo cha migodi, ndiponso chivomerezo cha bungwe la Malawi Environment Protection Authority potsata lamulo la Environment Management Act la 2017, limene limafuna kuti pa ntchito zikuluzikulu pachitike kauniuni wa momwe ntchitoyo idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo anthu okhudzidwawo afunsidwe maganizo. Kusunga ndi kugwiritsa ntchito zophulitsira kuli ndi chilolezo chakechake, chimodzimodzinso kupatutsa madzi a mumtsinje otsukira mchenga, kumene kumayang'aniridwa ndi National Water Resources Authority potsata lamulo la madzi la 2013. Amene minda, mitengo kapena nyumba zawo zakhudzidwa ayenera kulipidwa chipukutamisozi choyenera, chowerengedwa ndi akatswiri ndi kulembedwa.

Okumba mchenga ndi ophwanya miyala pamanja ayambire ku ofesi ya khonsolo ya M'mbelwa pa boma la Mzimba, kumene adzauzidwa za chilolezo chowayenera ndi malo amene kukumba n'koletsedwa. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ali ndi ufulu wopempha kuona zikalata za kampani iliyonse imene yabwera ndi makina m'dera lawo, kuphatikizapo ndondomeko yokonzanso malowo ikadzachoka. Madandaulo okhudza fumbi, kuphulitsa, kukumba pafupi ndi milatho kapena maenje osiyidwa aperekedwe molemba kwa Bwanamkubwa wa boma la Mzimba kapena ku ofesi ya za migodi ya chigawo cha kumpoto ku Mzuzu, potchula malo, tsiku ndi zimene zachitika.